Misozi ya mu Fomu 3 ndi mbiri ya PMS

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, lero za Chilembwe zidikire kaye. Ndili ndi mlandu mumtima.

Chaka china, ndikuphunzitsa ku Ndirande, m'kalasi mwanga munali mtsikana wa Fomu 3 wanzeru zedi. Koma mwezi uliwonse pankafika sabata yomwe ankangoti ndwii, ukamufunsa funso misozi chuchuchu, kapena kuyankha mokalipa. Ine ndinkati ndi mwano, n'kumupatsa chikwakwa akatchetche. Anandidzidzimutsa ndi amayi ena ophunzitsa Biology: "Bambo, tawerengani masiku."

Azakhali anga anali namkungwi. Ankalangiza zaukhondo, komanso kuti mkazi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo kuopa mdulo. Nditawafunsa za chisoni chobwera msambo usanayambe, anangoti ndi nkhwidzi za atsikana.

Azungu nawonso anachedwa. Mu 1931 dokotala wa ku New York, Robert Frank, analemba za amayi osowa mtendere masiku amenewa. Mu 1953 Katharina Dalton ndi Raymond Greene ku Britain anatchukitsa dzina lomwe lero timafupikitsa kuti PMS. Dalton ankakhulupirira kuti thupi limapelewera homoni ya progesterone. Analakwitsa, komabe ndimamulemekeza chifukwa ankawamvetsera amayiwo.

Mu 1998 Peter Schmidt ndi anzake ku America anaonetsa kuti mahomoni a amayi otere ndi ofanana ndi a anzawo. Chosiyana ndi ubongo: wa ena umakhudzidwa kwambiri estrogen ndi progesterone zikamakwera ndi kutsika dzira likatuluka, ndipo serotonin, yomwe imathandiza kukhazikitsa maganizo, imasokonekera. N'chifukwa chake mtima umapepuka msambo ukangoyamba. Mtundu woopsa, wofikitsa ena poganiza zodzipha, umatchedwa PMDD. Madokotala a maganizo ku America anauvomereza kwathunthu mu 2013, WHO mu 2019. Mkangano unalipo: amayi ena ankaopa kuti dzinali lidzasanduka chibonga chonyozera akazi pantchito. Pofuna kutsimikiza, dokotala amapempha mayi kulemba momwe akumvera tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri. Ine kaundula ndinali naye m'manja, koma ndinkangochongamo.

Mtsikana uja ndinakumana naye mu minibasi yochokera ku Limbe, ali mayi wa ana awiri. Anandilipirira mpaka pa Ginnery Corner. Za chikwakwa ndinalephera kuzitchula.