Mbiri ya Glasgow: kuchokera kwa Mungo mpaka ku Ilala

Lero ndikamba za mzinda umene ambirife tinabadwiramo. Ndiyankhula pang'onopang'ono, ndipo mawu onse talemba patsamba lino kuti inu amene mukuphunzira Chichewa muzitsatira bwino.

Glasgow anayamba ngati kamudzi chabe. M'zaka za m'ma 500, mmishonale wina dzina lake Mungo anamanga tchalitchi pafupi ndi kamtsinje ka Molendinar, pomwe lero pali Glasgow Cathedral. Mu 1451, Papa Nicholas V analola kuti pakhale yunivesite. Koma kwa zaka zambiri mzindawu unali waung'ono, chifukwa mtsinje wa Clyde unali wosaya. Malo ena munthu ankatha kuwoloka wapansi, ndiye sitima zikuluzikulu zinkaima kumunsi, ku Port Glasgow.

Zinthu zinasintha mu 1707, pamene Scotland inaphatikizana ndi England ndipo amalonda a kuno anapeza mpata wochita malonda ndi America. Chuma chawo chinachokera ku fodya wa ku Virginia ndi Maryland, amene ankamugulitsanso ku France ndi ku Holland. Nanga ankalima fodyayo ndani? Akapolo ochokera ku Africa. Mukamadutsa Glassford Street, mukudutsa dzina la John Glassford, mmodzi wa amalonda amenewo. Nyumba ya Gallery of Modern Art, paja pali chiboliboli chovekedwa koni kumutu, poyamba inali ya William Cunninghame, nayenso wa fodya. Ine mawu akuti fodya amandikumbutsa minda ya ku Kasungu, ndiye mbiri imeneyi siyindilola kungodutsa ngati mlendo.

Kuyambira m'ma 1770 anayamba kukumba Clyde kuti azame. James Watt, amene ankakonza zipangizo pa yunivesite, anali atapeza kale njira yowongolera injini ya nthunzi mu 1765. Mafakitale a nsalu, zitsulo ndi sitima anachuluka. Mu 1801 anthu anali pafupifupi 77,000. Pofika m'ma 1930 anapitirira 1 miliyoni. Ambiri anachokera ku Ireland ndi kumapiri a kumpoto, ndipo ankapanikizana banja lonse m'chipinda chimodzi ku madera ngati Gorbals.

Apa ndi pamene mbiriyi ikumana ndi yathu. David Livingstone anabadwa mu 1813 ku Blantyre, m'mbali mwa Clyde yemweyu, ndipo anaphunzira za udokotala ku Anderson's College kuno. Anafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Mu 1876 amishonale a Church of Scotland anatcha malo awo ku Malawi kuti Blantyre, pomukumbukira. Patapita zaka ziwiri, amalonda a ku Glasgow anakhazikitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes, ndipo anatumiza abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, choncho anthu anamutcha Mandala. Lembani mawu amenewa, anzanga: mandala ndi magalasi. Dzinali linakhalanso la kampaniyo, ndipo Mandala House ya 1882 idakalipo ku Blantyre. Iwo ankati malonda adzathetsa ukapolo, koma kampani yomweyi inatenganso malo ambiri ndi kutsegulira atsamunda njira. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo ine sindiona chifukwa chobisira chimodzi.

Sitima ya Ilala, imene makolo anu mwina anakwerapo popita ku Likoma, anaipanga ku Scotstoun, kwa Yarrow, mu 1949. Anaitumiza m'zidutswa n'kukailumikiza kunyanja, ndipo inayamba ntchito mu 1951.

Nkhondo yachiwiri itatha, mafakitale anayamba kutsekedwa ndipo anthu anasamutsidwira kunja kwa mzinda. Mu 1971 ogwira ntchito zopanga sitima, motsogozedwa ndi Jimmy Reid ndi anzake, anakana kuchoka n'kupitiriza kugwira ntchito. Lero anthu alipo oposa 600,000. Mu 2018 yunivesite inavomera poyera kuti inapindula ndi chuma cha ukapolo, koma mayina a misewu aja adakalipo, ndipo anthu akutsutsanabe ngati asinthidwe.

Sabata ino funsani amayi kapena agogo za Mandala ndi Ilala, mu Chichewa, n'kutitumizira zimene akuuzeni. Tidzawerenga zina m'gawo lotsatira.