Kukakamira

Mlendo akalowa pakhomo, mwana nkugwira chitenje cha amake osafuna kusiya, timati akukakamira. Timanena modandaula, koma John Bowlby, dokotala wa maganizo wa ku Britain, anafotokoza m'buku lake la mu 1969 kuti khalidweli ndi chitetezo: mwana akachita mantha amathamangira munthu amene amamudalira. Pachingerezi amati attachment.

Mwana amene waleredwa m'manja ambiri asanapeze makolo omutenga nthawi zina sakakamira aliyense. Amagwa, bondo nkusupuka, iye osalira, osayang'ana munthu. Zimapweteka kuziona.

Makolo otere akamasaka thandizo asamale ndi dzina loti attachment therapy, chifukwa labisapo nkhanza. Mu 2000, ku Colorado m'dziko la America, Candace Newmaker, wa zaka 10, anamwalira pa thandizo lotere atamukulunga m'nsalu ndi kumupanikiza ndi mapilo, ati abadwenso. Mu 2001 boma la Colorado linaletsa mchitidwewu.

Katswiri weniweni amakhala ndi chiphaso chovomerezeka, sagwira mwana mokakamiza, ndipo nthawi yambiri amathera pa kholo, kuliphunzitsa kuzindikira mantha a mwanayo ndi kuwayankha modekha.