Kachilombo ka khomo la chiberekero kanafika bwanji pakhosi pa abambo?

Kale madokotala ankati khansa ya pakhosi ndi matenda a abambo achikulire osuta fodya ndi kumwa mowa. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, zipatala za ku America ndi ku Ulaya zinayamba kulandira abambo ocheperako zaka, ena osasutapo chibadwire, ali ndi zotupa m'matonsi ndi kutsinde kwa lilime.

Gwero la vutoli linali kachilombo komwe kankadziwika kale ndi matenda a amayi. Mu 1983, gulu la wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, linapeza mtundu wa kachilombo ka HPV wotchedwa HPV16 m'khansa ya khomo la chiberekero, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2008. Chaka chomwecho cha 1983, ofufuza a ku Finland, Kari ndi Stina Syrjänen, anaona zizindikiro za kachilomboka m'zotupa za m'kamwa, koma ambiri sanalabadire.

Zinthu zinasintha mu 2000 pamene Maura Gillison wa ku Johns Hopkins anaonetsa kuti khansa ya pakhosi yobwera ndi HPV ndi matenda apaokha. Pofika 2007 zinadziwika kuti kachilomboka kamafika pakhosi makamaka pogonana m'kamwa. Ku America, zotupa zapakhosi zokhala ndi HPV zinakwera kuchoka pa 16 pa 100 zilizonse m'ma 1980 kufika pa 72 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chotonthoza n'chakuti khansayi imamva chithandizo: kafukufuku wa 2010 anapeza kuti odwala 82 pa 100 anali moyo patatha zaka 3, pomwe mwa opanda kachilomboka anali 57.

Nanga n'chifukwa chiyani imakonda abambo? Mu 2012, Gillison anapeza HPV m'kamwa mwa abambo 10 pa 100, koma amayi osakwana 4. Thupi la bambo nthawi zambiri silipanganso chitetezo chokwanira likakumana ndi kachilomboka.

Apa m'pamene ofufuza anatembenukira ku mahomoni. Homoni siigwira ntchito popanda kachigawo koilandira m'selo, monga kiyi safunika popanda loko wake. Mu 1996, kafukufuku wa pa mbewa zoikidwa majini a HPV16 anaonetsa kuti homoni ya estrogen imakolezera khansa ya khomo la chiberekero. Pakhosi nkhani inatembenuka. Mu 2019, ofufuza a ku Ohio State University anapeza kuti pafupifupi theka la zotupa zapakhosi zinali ndi kolandirira estrogen kotchedwa ERα, ngakhale odwala ambiri anali abambo, ndipo odwala amenewa ankakhala moyo nthawi yaitali atalandira chithandizo. Chiyembekezo n'chakuti kachigawoka kadzathandiza kusankha odwala oyenera chithandizo chopepukirako, chifukwa kuwotcha chotupa pakhosi kumasiya munthu akuvutika kumeza ndi kuuma m'kamwa.

Mbiriyi yasintha kale ndondomeko za katemera wa HPV. Atatuluka mu 2006 ankaperekedwa kwa atsikana okha, koma America inaonjezera anyamata mu 2011, Australia mu 2013 ndipo Britain mu 2019, chaka chimene Malawi inayamba kutemera atsikana m'dziko lonse. Kuyamba ndi atsikana n'koyenera kuno, kumene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ochuluka. Komabe abambo asamati HPV ndi nkhani ya kusikelo. Chotupa chosapweteka m'khosi chikatha milungu osaphwa, pitani kuchipatala msanga.