Wopanda mapepala akadwala ku Joni, amuchize ndani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga pa phunziro la History, lero tikambirane mutu umene silabasi imangoukhudza pamwamba. Tikamaphunzitsa za anthu opita kukagwira ntchito kunja timatchula msonkho wa atsamunda, Wenela ndi Theba, basi n'kutseka buku. Za munthu wodwalira kunjako sitinenapo kanthu. Komatu ambiri mwa inu muli ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ena ndi mapepala, ena opanda. Kalembera wa ku South Africa wa 2022 anapeza anthu obadwira ku Malawi pafupifupi 200,000. Nkhaniyi ndi yathu ndithu.

Kale yankho linali lapafupi: mlendo akadwala, abwerere kwawo. Migodi inali ndi zipatala zake, koma ntchito yake yaikulu inali kubwezera munthu pansi pa mgodi. Amene mapapo ake athera ku fumbi la miyala kapena chifuwa chachikulu ankamutumiza kumudzi kuti akatsokomolere kwa mkazi wake. Mu 1913 boma la kumeneko linaletsa kulemba ntchito za m'migodi anthu a m'maiko otentha a kumpoto, kuphatikizapo Nyasaland, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo. Chiletsocho anachichotsa m'zaka za m'ma 1930 pamene migodi inasowa manja. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kuchoka m'migodi, chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti ena 200 mwa iwo anapezeka ndi HIV. Wolemba mbiri wathu Wiseman Chijere Chirwa analemba bwino za mkangano umenewu.

Zinthu zinasintha utatha ulamuliro wa tsankho. Mu 1994 Nelson Mandela analengeza kuti amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 azichizidwa ulere m'zipatala za boma. Malamulo aakulu a dzikolo a 1996, pa gawo 27, amati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha kuchipatala, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Ana asukulu anga, onetsetsani liwu limenelo: aliyense. Pa nkhani ya kuvota malamulo omwewo amati nzika, koma pa chipatala anasankha kunena kuti aliyense. Nkhondo yonse ya zaka zotsatirazi yagona pa liwu limodzi limeneli.

Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti anthu ochokera ku Mozambique amene anali ndi chilolezo chokhaliratu m'dzikomo ali ndi ufulu wolandira ndalama za chithandizo cha boma. Awa anali ndi mapepala, inde, koma chigamulocho chinatsimikiza kuti aliyense sakutanthauza nzika zokha. Mu 2007 unduna wa zaumoyo unalamula kuti othawa kwawo ndi opempha malo othawirako azilandira ma ARV ulere, kaya ali ndi pemiti kaya alibe.

Komabe lamulo la papepala ndi kalaliki wa pawindo la chipatala ndi zinthu ziwiri zosiyana. M'chigawo cha Gauteng zipatala zina zinkalipiritsa amayi achilendo ndalama zambiri asanabereke. Bungwe la maloya lotchedwa SECTION27, pamodzi ndi amayi amene anakumana ndi zimenezi, linapita kukhoti. Mu April 2023 khoti la ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala zonse za boma posayang'ana dziko lawo kapena mapepala. Anapatulapo okhawo amene ali pa inshuwalansi ya zachipatala ndi amene analowa m'dzikomo n'cholinga chodzachizidwa basi. Khotilo linalamulanso kuti zipatala zimate zikwangwani zonena zimenezi, chifukwa ufulu umene mwini wake saudziwa sumuthandiza.

Tisanamizane, kudandaula kwa eni dziko kuli ndi pake. Zipatala zawo n'zodzaza, manesi ndi ochepa, ndipo gogo wa ku Soweto amene waima pamzere kuyambira mbandakucha amafuna wina woti amuloze chala. Mu 2022 Phophi Ramathuba, amene panthawiyo ankayang'anira zaumoyo m'chigawo cha Limpopo, anajambulidwa akudzudzula mayi wa ku Zimbabwe ali pabedi kuti alendo akumaliza ndalama za chipatala, ndipo ambiri anamuombera m'manja. Gulu la Operation Dudula linafika poima pazipata za zipatala n'kumafunsa ziphaso, mpaka mu November 2025 khoti linanena kuti munthu wamba alibe mphamvu yofunsa mnzake chiphaso kapena kumutsekereza kuchipatala. Koma kalembera uja anapeza kuti obadwira kunja onse ndi pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, osafika anayi pa 100 alionse. Ndikuvutika kukhulupirira kuti anthu ochepa chotere ndi amene agwetsa zipatala za dziko lonse.

Nkhondoyi sinathe. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, NHI, limene Cyril Ramaphosa anasainira mu May 2024, limapatsa akuluakulu opanda mapepala chithandizo cha mwadzidzidzi ndi cha matenda oopsa ofalikira basi, ngakhale kuti ana onse limawateteza. Zimene zinapezeka movutikira zingathe kuchepanso.

Maganizo anga ndi awa. Chifuwa chachikulu sichifunsa pasipoti. Munthu wa HIV akasiya mankhwala chifukwa choopa pachipata, amadwala iye ndipo amapatsira ena, nzika ndi alendo omwe. Mayi wobwezedwa ku sikelo amadzabwerabe tsiku lobereka zinthu zitavuta, ndipo boma limaononga zambiri kuposa zikanakhalira poyamba. Ifenso tili ndi mayeso athu: zipatala za ku Nsanje, Mulanje, Mwanza ndi Dedza zimalandira abale athu a ku Mozambique, ndipo pamene nkhondo inavuta kwawo tinasunga othawa pafupifupi 1 miliyoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Aphunzitsi anzanga, tikafika pa mutu wa Wenela teremu ino, tiwonjezerepo funso la chipatalali. Inu amene muli ku Joni, uzani anzanu a m'nyumba za lendi za chigamulo cha 2023 chija, makamaka amayi oyembekezera amene akuopa kukayamba sikelo.