Pamene Lamya Zinayamba Kuwoloka Malire

Kale lamya ya m'manja ikawoloka malire a dziko inkasanduka mlendo. Inkabwereka nsanja za kampani ya m'dziko lachilendolo, ndipo ngongole yonse inkagwera mwini lamyayo, amene ankalipira ngakhale pongoyankha wina akamuimbira. Amalonda a ku Busia, kumene malire a Kenya ndi Uganda adutsa pakati pa anthu a msika umodzi, ankangosunga makhadi aŵiri n'kumasinthasintha.

Zinthu zinatembenuka mu September 2006. Kampani ya Celtel, imene anaiyambitsa Mo Ibrahim wobadwira ku Sudan, inachotsa mtengo wapaderawo pakati pa Kenya, Uganda ndi Tanzania, n'kutcha dongosololo One Network. Sikunali kukoma mtima ayi. Celtel inali ndi nsanja zakezake m'maiko atatu onsewo, kotero panalibe mwininyumba woti imlipire.

Apa mpikisano unasintha nkhope. Safaricom inali ndi anthu ochuluka koposa m'Kenya, koma mphamvu zake zinkathera pa malire. Chotero mu 2007 inapangana ndi MTN ya ku Uganda ndi Vodacom ya ku Tanzania kuti zizilandirana alendo, pansi pa dzina la Chiswahili loti Kama Kawaida, ndiko kunena kuti "monga mwa masiku onse".

Chakumapeto kwa chaka chomwecho One Network inafika kuno ku Malaŵi. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya anadzathetsa mtengo woterewu mu June 2017, ndipo kumeneko makampani anachita kukakamizidwa ndi lamulo.