Mtsutso wa ukwati wa anthu awiri m'maiko a Azungu

Mtsutso wa ukwati wa anthu awiri ndi kusiyana maganizo komwe kulipo ku Ulaya ndi ku North America pa mafunso awiri: ngati munthu ayenera kukhala ndi mkazi kapena mwamuna mmodzi yekha, komanso chimene ukwati unakhazikitsidwira. Mtsutsowu unakula pamene anthu anayamba kuona ukwati ngati nkhani ya chikondi ndi ufulu wa munthu, osati ya ana, chuma ndi mpingo zokha.

Chiyambi

Malamulo a Agiriki ndi Aroma akale ankalola mwamuna kukwatira mkazi mmodzi, ngakhale kuti amuna ambiri ankakhalanso ndi akazi apambali. Cha m'ma 401, Augustine wa ku Hippo analemba kuti ubwino wa ukwati uli patatu: kubereka ana, kukhulupirika, ndi mgwirizano wopatulika wosatha. Mu 1563, msonkhano wa mpingo wa Katolika wa ku Trent unatsimikiza kuti mitala ndi yoletsedwa kwa Akhristu.

Otsutsa

Mu 1643, John Milton wa ku England ananena kuti cholinga chachikulu cha ukwati ndi kumvana kwa awiriwo, choncho osamvana aziloledwa kusudzulana. Friedrich Engels, m'buku lake la mu 1884, anati ukwati wa mkazi mmodzi unayamba kuti mwamuna azitsimikiza kuti chuma chake chidzatsalira ana ake enieni. Bertrand Russell, m'buku la *Marriage and Morals* la mu 1929, anati ukwati ndi wofunika makamaka chifukwa cha ana. Maganizo akewo anamutayitsa ntchito yauphunzitsi pa City College of New York mu 1940.

Ena anayesa njira zina. Gulu la Oneida ku New York, lomwe John Humphrey Noyes anayambitsa mu 1848, linkati amuna onse a m'gululo ndi okwatirana ndi akazi onse, koma linasiya mchitidwewu mu 1879.

Kusintha kuyambira 1960

Mapiritsi olera anavomerezedwa ku United States mu 1960, ndipo kugonana kunayamba kuonedwa padera ndi kubereka. Mu 1969, California inakhazikitsa lamulo lolola chisudzulo popanda kuloza wolakwa. Maukwati ongolowana anachuluka, ndipo mu 1999 dziko la France linakhazikitsa mgwirizano wa PACS, umene anthu awiri amalembetsa kuboma osakwatirana. Cha m'ma 1990 panabwera mawu akuti *polyamory*, kutanthauza kukhala pa ubwenzi ndi anthu angapo, onse akudziwa ndi kuvomereza.

Oikira kumbuyo ukwati wa awiri

Oikira kumbuyo ukwati wa awiri amati umathandiza ana kukula mokhazikika, umachepetsa nsanje ndi mikangano ya chuma chamasiye, komanso umapatsa okwatiranawo mphamvu zofanana. Mu 2011, khoti lalikulu la ku British Columbia, ku Canada, linagamula kuti lamulo loletsa mitala likhalebe chifukwa mitala imapweteka amayi ndi ana.

Malamulo

Ngakhale khalidwe la anthu lasintha, malamulo a ukwati m'maikowa amalolabe anthu awiri okha. Ku England ndi ku Wales, wokwatiranso ukwati woyamba usanathe angathe kumangidwa mpaka zaka 7. Mu 2020, mzinda wa Somerville ku Massachusetts unayamba kulola anthu oposa awiri kulembetsa ngati okhalira limodzi, koma umenewu si ukwati pamaso pa lamulo.