Njanji yomwe inkasweka ngati phale

Pa 21 February 1804, ku Penydarren m'dziko la Wales, injini yoyendera nthunzi ya Richard Trevithick inakoka matani 10 a chitsulo ndi anthu pafupifupi 70. Injiniyo inayenda ndithu, koma njanji inalephera kusenza katunduyo, inkathyokathyoka pansi pa matayala.

Gwero la vutoli linali ku ng'anjo. Njanji za nthawiyo ankazipanga pothira chitsulo chosungunuka m'zikombole, monga ankachitira ku Coalbrookdale kuyambira 1767. Chitsulo chikamasungunuka pakati pa makala chimamwa kaboni wambiri. Chikazizira chimauma gwa, koma sichidziwa kupindika: ukachimenya chimasweka ngati phale.

Mu 1820 John Birkinshaw wa ku Bedlington anayamba kupanga njanji ndi chitsulo chosula, chokhala ndi kaboni wochepa kwambiri. Ichi chinkapindika osathyoka, koma chinali chofewa, ndipo m'kati mwake munkatsalira timizere ta zinyalala za m'ng'anjo. Matayala akachipondaponda, pamwamba pake pankafundukuka.

Apa mpomwe nkhani ikomera. Mu 1856 Henry Bessemer anaonetsa kuti ukapemerera mpweya m'chitsulo chosungunuka, kaboni amapsa yekha, ndipo kupsako kumawonjezera kutentha popanda kuthiramo makala ena. Koma chitsulo choyamba chotuluka m'menemo, chotchedwa steel, chinkang'aluka pochisula. Amene anakonza zimenezi ndi Robert Mushet, pothiramo chitsulo chokhala ndi manganese, chomwe chinkachotsa mpweya wotsalira n'kubwezeramo kaboni wokwanira. Mu 1857 njanji ya steel wake inayalidwa pa siteshoni ya Derby, pamalo pomwe njanji zakale zinkatha m'miyezi yowerengeka. Iyo inakhalapo mpaka 1873. Ine ndimaona kuti Mushet sanapatsidwe ulemu womuyenera, pakuti dzina lomwe linatchuka ndi la Bessemer. Vuto lina, la phosphorus yemwe amafooketsa steel kukazizira, linadzathetsedwa ndi Sidney Gilchrist Thomas cha m'ma 1878.

Pomwe njanji ya Shire Highlands inkafika ku Blantyre mu 1908, steel anali atatenga kale malo m'njanji za dziko lonse lapansi.

Komabe naye steel amatopa. Tayala la sitima limagunda njanji pa kamalo kochepetsetsa, ndipo kulemera konse kumathera pomwepo, tsiku ndi tsiku. Pokhota, m'mphepete mwa njanji mumayamba timing'alu tosaoneka bwino ndi maso, tomwe timalowa pansi pang'onopang'ono. Pa 17 October 2000, ku Hatfield, sitima yochokera ku London kupita ku Leeds inkathamanga makilomita pafupifupi 185 pa ola pomwe njanji yotere inaphwanyika zidutswa zoposa 300. Anthu 4 anafa. Chowawa n'chakuti ming'aluyo inkadziwika kale, ndipo njanji yatsopano yoti ilowe m'malo mwake inali itabweretsedwa pafupi, koma inali isanayalidwe.